Za Mzinda Wochenjera ndi Anthu Ouyendetsa

Masiku ano amveka mawu atsopano pakamwa pa akulu a Boma ndi pa wailesi, mawu amene makolo athu sanawamve. Pa Chingerezi akuti smart city, ndipo omasulira ena ati mzinda wamakono, ena ati mzinda wochenjera. Tanthauzo lake ndi ili: mzinda umene ntchito zake ziyendetsedwa ndi makina odziwa kuyeza, kuwerengera ndi kuuzana okha. Mpope ukabooka pansi pa nthaka, makina anena pamene wabookera. Mtsinje ukayamba kukwera usiku, uthenga ufika pa foni anthu akali m'tulo. Munthu wofuna chikalata cha malo ake sayenda ulendo wa masiku atatu, koma achipeza pa kompyuta. Ku maiko akutali zina mwa izi zichitikadi. Ku Korea anamanga mzinda wa Songdo pa malo amene kale anali nyanja, ndipo ku Kenya Boma linayamba kumanga mzinda wa Konza mu 2013, ngakhale ntchito yake yayenda pang'onopang'ono koposa umo analonjezera.

Wina adzati, kodi ife anthu a kumudzi, olima mpunga ndi chinangwa, tili nazo chiyani zimenezi? Tili nazo kanthu ndithu. Mu Januwale 2021 Boma linatulutsa masomphenya a Malawi 2063, amene nsanamira zake ndi zitatu, ulimi, mafakitale ndi kukula kwa mizinda. Potsatira pamenepo, mu 2022 linatuluka buku la mapulani lotchula malo asanu ndi atatu amene adzakuzidwa kuti apepuze katundu wa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba; ndipo Karonga ali m'gulu limenelo pamodzi ndi Nkhata Bay, Kasungu, Salima, Mangochi, Liwonde, Luchenza ndi Bangula. Ndiponso tawuni ili kukula kale yosadikira mapulani a munthu. Pa kalembera wa 2008 munali anthu ngati 40,000, koma pa kalembera wa 2018 anapitirira 60,000. Anthu owonjezekawo ndi ana athu ndi adzukulu athu, ndipo malo amene amangapo ndi minda imene dzulo tinali kulima.

M'chinenero chathu kuchenjera ndi nzeru si chinthu chimodzi. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma palibe mayi wofuna kuti mwana wake akule monga Kalulu. Makina akhoza kuchenjera, inde koposa ife. Koma nzeru ikhala mwa munthu amene wawaika, amene awerenga zonena zawo, nadziwa chochita nazo. Tsono chidandaulo changa ndi ichi. Pamene za mzinda watsopano zikambidwa pa misonkhano, timva za doko, za msewu wa ku Songwe, za bwalo la ndege, za nthambo za intaneti, za mahotela a m'mbali mwa nyanja. Zonsezi ndi zinthu zogula, ndipo ndalama zikapezeka zikhoza kufika pa galimoto mwezi umodzi. Koma za anthu amene adzayeza malo, adzasamala ngalande, adzakonza makina akafa, ndi kusunga mabuku a mzinda mokhulupirika, timva pang'ono. Munthu wotere sagulidwa m'sitolo. Mwana amene wayamba Sitandade 1 chaka chino afuna zaka 8 ku pulayimale, zaka 4 ku sekondale, ndi zaka 4 kapena 5 ku koleji; ndiye kuti zaka 16 kapena 17 zidzapita asanagwire ntchito yake yoyamba, ndipo zina zidzapitanso asanaidziwe bwino. Iwo amene adzakhala akulu a ntchito mu 2063 ali m'kalasi lero lino, okhala pansi pamaso pa mphunzitsi. Chifukwa chake amene afuna kudziwa ngati mzindawo udzakhalakodi asayambe kuyang'ana pa doko, koma ku sukulu yophunzitsa aphunzitsi.

Tisanakambe za maphunziro, tiyambe taona malo amene ophunzirawo adzagwirapo ntchito, pakuti mzinda uliwonse uli ndi mdani wakewake. Karonga ali pa chigwa chathyathyathya, kum'mawa nyanja, kumpoto mtsinje wa North Rukuru wotsika ndi madzi a kumapiri. Madzi a pansi pa nthaka ali pafupi, kotero kuti m'malo ena wokumba chimbudzi awapeza asanafike patali, ndipo nthawi ya mvula za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zisanganikirana. Cha m'ma 1979 ndi 1980 nyanja inakwera kopambana, nimiza mbali ya tawuni yakale. Ndipo m'zaka zotsatira Boma, mothandizidwa ndi dziko la Germany, linakonza tawuni kumtunda pang'ono, ndi kumanga khoma lotchinga madzi a mtsinje pamodzi ndi ngalande zazikulu. Mu Disembala 2009 nthaka inagwedezeka masiku ambiri, kuyambira pa 6 mwezi umenewo, ndipo nyumba zikwizikwi zinang'aluka kapena kugwa. Kumapeto kwa 2017 kolera inabuka m'boma muno, ndipo inabweranso pa mliri waukulu wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Mu 2024 nyanja inakweranso, nilowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mbali mwake.

Aphunzitsi awiri a ku Mzuzu University, a Mtafu Manda ndi a Elijah Wanda, anafufuza zoopsa za m'tawuni ino, nalemba zimene anapeza mu 2017. Mwa zina anaonetsa kuti nthenda za masiku onse, zimene sizilembedwa m'nyuzi, zipha anthu ambiri koposa chivomezi ndi madzi osefukira. Mawu amenewa ndi oyenera kuwasinkhasinkha. Mdani wa Karonga si kusowa kwa nyali zoyaka zokha m'misewu. Mdani wake ndi madzi okhala pamene sayenera kukhala, nyumba zomangidwa pamene siziyenera kumangidwa, ndi kusalemba zinthu. Khoma ndi ngalande zija zinamangidwa bwino ndi akatswiri; koma ngalande ikwiririka ndi mchenga ndi zinyalala chaka chilichonse, ndipo anthu osowa malo amanga ndi kulima kufikira m'mphepete mwake. Akatswiri anamanga nabwerera kwawo. Osamala zomangidwazo sanakonzedwe okwanira, ndipo mu 2009 khonsolo ya tawuni inathetsedwa, tawuni nikhala zaka zambiri m'manja mwa khonsolo ya boma lonse, imene maso ake ayenera kufika ku Songwe ndi ku Chilumba komwe.

Pali chinthu chimodzi cha mzinda wochenjera chimene chafika kale pakati pathu. M'zaka zapitazi Boma ndi abwenzi ake anaika pa mitsinje ina makina oyeza kukwera kwa madzi, amene atumiza uthenga pa foni kwa anthu a kunsi kwa mtsinje. Ndi chinthu chokoma, ndipo ndichiyamika. Koma taonani unyolo wake. Pafunika munthu wodziwa pamene makina ayenera kuikidwa. Wina wowachotsa matope ndi kuona ngati batire ili moyo. Wina wolandira uthenga pakati pa usiku ndi kuumva tanthauzo lake. Wina woimba ng'oma kapena belu la tchalitchi. Ndipo potsiriza pafunika anthu a m'mudzi okhulupirira belulo, odziwa njira yopita kumtunda mumdima, osayamba kutsutsana za mbuzi. Mwa mphete zisanu izi, imodzi yokha ndi ya chitsulo. Zinayi ndi anthu, ndipo aliyense wa iwo anaphunzitsidwa ndi wina, kapena sanaphunzitsidwe konse.

Asanene munthu kuti anthu a kuno sangathe ntchito zotere, pakuti umboni uli ku Chilumba. Kumeneko mu 1979 inayambika ntchito yofufuza nthenda ya khate, imene pambuyo pake inafufuzanso chifuwa chachikulu ndi HIV. Kuyambira 2002 ntchitoyo yalemba kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa anthu oposa 30,000 a m'midzi yozungulira, nyumba iliyonse ndi malo ake pa mapu. Madotolo a ku London ndi kwina awerenga zolembedwazo nazikhulupirira. Koma oyenda khomo ndi khomo, ofunsa ndi olemba, ndi ana a boma lino. Ndipo oyamba kunena kuti uje wabala, uje watisiya, ndi anthu wamba a m'midzi amene anaphunzitsidwa kusunga kabuku. Anapatsidwa ntchito yodziwika, anaphunzitsidwa pamalo pomwepo, ndipo wina anabwera nthawi ndi nthawi kudzaona ngati zolemba zawo zili zoona. Ngati zinatheka pa nthenda, zilephera bwanji pa madzi, pa malo ndi pa nyumba?

Ndipotu aka si koyamba kuti munthu alote mzinda wotsogola m'dera lino. Mu 1894 a Dotolo Robert Laws anasankha chitunda cha Khondowe, pamwamba pa Chitimba, kumwera kwa boma lathu, nayambapo Livingstonia watsopano. Anayala misewu pa pepala nyumba zisanamangidwe. Anatsogolera madzi m'mipope kuchokera kumapiri, anatema msewu wokhotakhota wa Gorodi kukwera phompho lija, ndipo mu 1905 mphamvu ya madzi a Manchewe inayatsa magetsi pa Khondowe, pamene midzi yambiri ya ku Ulaya inali kuunikira ndi nyali za mafuta. Kwa anthu a masiku aja umenewo unali mzinda wochenjera ndithu. Koma chimene tiyenera kuona ife ndi ichi, kuti a Dotolo sanalekanitse kumanga ndi kuphunzitsa. Sukulu ya Overtoun inali pakatikati pa ntchito yonse. Anyamata amene anaphunzira kusema miyala anasema miyala ya nyumba zomwezo. A matabwa anapala zitseko zake. Ena anaphunzira kusindikiza mabuku, ena kutumiza mawu pa lamya, ena kuthandiza m'chipatala, ena ukalaliki. Ndipo pamwamba pa zonse panali kalasi la aphunzitsi, amene anatuluka kukatsegula masukulu m'midzi ya Atumbuka, Atonga, Angoni ndi Ankhonde. Tiwerenga m'buku la Eksodo kuti Bezaleli, mmisiri wa chihema, sanapatsidwe luso la manja lokha, komanso mtima wophunzitsa ena. Omanga Livingstonia anaimva mbali imeneyo.

Koma sindifuna kuyamika mopitirira, pakuti ntchito ija inali ndi chilema chake, ndipo chilemacho chikali nafe. Sukulu inakonza anthu oyenera mzinda, koma mzinda unali pa chitunda pokha. Pansi pa phiri panalibe ntchito yowalandira, ndipo Boma la atsamunda silinafune kupatsa munthu wakuda udindo wolingana ndi maphunziro ake. Tsono makalaliki, amisiri ndi odziwa lamya anamwazika ku Rhodesia, ku Congo, ku Tanganyika ndi ku South Africa, nakamanga mizinda ya eni ake. Clements Kadalie, amene anatsiriza maphunziro a uphunzitsi pa Livingstonia, anakayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town mu 1919. Tinyadira dzina lake, koma nzeru zake zinathandiza anthu a pa doko la kutali. Otsala kuno anachita zimene anatha. Mu 1912 anayambitsa msonkhano wa North Nyasa Native Association, umene mlembi wake anali a Levi Mumba, nakambirana za masukulu, misonkho ndi zosowa za boma lino, koma mphamvu yochita inali m'manja mwa ena. Tinali ngati munthu wofesa mbewu yabwino pa nazale, alibe munda wokaokeramo.

Anthu ena anaona chilema chimenechi, nafuna kuchikonza ndi njira ina. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, linati maphunziro ayenera kulingana ndi moyo wa kumudzi. Mu 1929 inatsegulidwa sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi anapita pamodzi ndi akazi awo kukaphunzira kukumba zimbudzi, kusamala zitsime, kumanga nyumba za mazenera, kulera ana ndi kusunga nthaka. Pambuyo pake mafumu nawonso anaitanidwa. M'menemo munali nzeru yeniyeni, pakuti mphunzitsi anayesedwa munthu wa mudzi wonse, wosati wa kalasi lokha. Koma munalinso msampha. Azungu ambiri anakonda njirayi chifukwa inasunga munthu wakuda pa khasu, ndipo kufikira cha m'ma 1940 m'dziko muno munalibe sukulu ya sekondale. Kotero njira imodzi inakweza munthu nimchotsa kwawo, ina inamsunga kwawo nimletsa kukwera. Karonga wa mawa afuna munthu wodziwa masamu a injiniya amene adziwanso kumene madzi a Rukuru apita akasefukira. Ndipo njira ziwirizi, iliyonse payokha, sizinambale munthu ameneyo.

Tsono tibwere ku masiku athu. M'boma muno muli Karonga Teachers Training College, kumene anyamata ndi atsikana otsiriza Fomu 4 aphunzira zaka ziwiri, mbali ina m'kalasi, mbali ina poyesera m'masukulu. Sindinena zoipa za aphunzitsi a kumeneko, pakuti aphunzitsa zimene anapatsidwa. Vuto lili m'chimene ife tonse tiyesa maphunziro. Buku ndi limodzi dziko lonse, mayeso a Sitandade 8 ndi amodzi, ndipo mphunzitsi atamandidwa kapena kunyozedwa monga mwa chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale. Chifukwa chake aphunzitsa zimene zidzafunsidwa. Mwana atchula mitsinje yaikulu ya Africa mwa dongosolo lake, koma mukamfunsa kumene apita madzi otsika pa denga la sukulu yake, ayang'ana pansi. Aloweza kuti kolera ifala ndi madzi oipa, nalemba bwino, nakhoza. Koma palibe anamtenga ndi chingwe kukayeza mapazi a pakati pa chimbudzi ndi chitsime cha kwawo.

Kukonza zimenezi sikufuna ndalama zambiri monga ena aganizira. Wophunzira uphunzitsi aliyense, asanalandire setifiketi yake, akanayenera kujambula mapu a dera limodzi la tawuni kapena mudzi umene ayeserako, kusonyeza pokwera ndi potsika, pamene madzi aima, pamene pali mijigo ndi zimbudzi. Akanayenera kudziwa kuika choyezera mvula pabwalo la sukulu ndi kusunga buku lake tsiku ndi tsiku, kuti akakhale wophunzitsa ana mwambo womwewo. Taonani masamu amene atuluka m'menemo. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, madzi ake ndi malita 2,000, ndiye zidebe 100 za malita 20. Mwana amene wawerengera zimenezo ndi dzanja lake, naona madziwo ali kuthamangira pakhomo pa mnansi, wayamba kale kuganiza monga injiniya. Ndipo tsiku limene adzakhala pa kompyuta ya khonsolo adzadziwa ngati nambala imene makina ampatsa ili yoona kapena yonama. Pakuti makina nawonso anama, akadzala fumbi kapena akaikidwa molakwika, ndipo amene sanayezepo kanthu ndi manja ake awakhulupirira monga wodwala akhulupirira wa ula.

Kuyambira 2023 Boma lili kugawa matabuleti m'masukulu a pulayimale, kuti ana a makalasi oyamba aphunzirepo kuwerenga ndi kuwerengera. Ndiona ubwino wake, makamaka pamene mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 100 ndipo sangathe kumva aliyense akuwerenga. Koma ndiopa chinthu chimodzi, kuti mphunzitsi angasanduke wosunga kiyi wa kabati, wotulutsa makina ndi kuwabwezera, osadziwa zimene mwana wachita m'menemo. Ngati sitimphunzitsa iye poyamba, ndi kumpatsa nthawi yakuti makinawo awazolowere kufikira atasiya kuwaopa, tidzakhala tamchepetsa pamaso pa ana ake. Ndipo palinso nkhani ya chinenero, imene akulu a ku Lilongwe aiwala msanga. Kuyambira 1968 Chichewa ndicho chiphunzitsidwa m'masukulu a dziko lonse, ndipo tsamba lomwe lino lilembedwa m'Chichewa; koma mwana wa ku Kaporo kapena ku Mpata afika ku sukulu ndi Kyangonde kapena Chitumbuka m'kamwa. Chenjezo la madzi likafika usiku, agogo ake adzalimva m'chinenero chawo kapena sadzalimva konse. Mphunzitsi wotumidwa kuno kuchokera kwina akanayenera kupatsidwa miyezi ingapo ya kuphunzira chinenero cha ana, monga anachitira amishoni akale, amene sanaloledwe kukhazikika pa ntchito asanayesedwe pa chinenero cha anthu.

Ndidziwa kuti aphunzitsi anzanga adzati, katundu wathu ndi wolemera kale, malipiro ndi ochepa, nyumba palibe, ndipo inu mufuna kutisenzetsanso mapu ndi mabuku a mvula. Mawuwo ndi oona, ndipo amene afuna mzinda wochenjera ayambe wawayankha. Sikutheka kuitanitsa makina a mamiliyoni ambiri, pamene munthu wokonza owayendetsa agona m'nyumba yodontha.

Za amisiri ndinena mwachidule, ngakhale ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Pa chivomezi cha 2009 nyumba zambiri zimene zinagwa zinali za njerwa zootcha zomangidwa ndi matope, zopanda lamba wa konkire ndi zitsulo wogwira makoma pamwamba. Pamene nyumba zopepuka za mitengo, nsungwi ndi bango, zimene tinayamba kuzinyoza, zinagwedezeka ndi kuimabe. Pambuyo pake Boma linatulutsa malangizo a kamangidwe kolimba, ndipo mu 2015 inatsegulidwa sukulu ya ntchito zamanja ku Ngara. Zonsezi ndi zabwino. Koma omanga nyumba zathu ambiri sanapite ku Ngara. Anaphunzira kwa amalume awo, ponyamula njerwa ndi kuponda matope. Iwowa ndiwo ali kumanga Karonga lero, nyumba ndi nyumba, ndipo sadzasiya ntchito zaka ziwiri kukakhala pa benchi. Maphunziro ayenera kuwatsata kumene ali, masabata awiri kapena atatu, pa nyumba yeniyeni imene ili kumangidwa. Ndiponso eni nyumba aphunzitsidwe, pakuti kawirikawiri mmisiri adziwa kuti lamba afunika, koma mwini akana chifukwa cha mtengo wa simenti.

Akatswiri a pamwamba, oyeza malo ndi okonza mapu a matawuni, aphunzitsidwa ku Mzuzu University ndi ku sukulu ya ku Blantyre imene kale inali Polytechnic. Chaka ndi chaka atuluka ndi madigiri awo. Pano chilema cha Livingstonia chionekanso, pakuti ambiri akhala ku mizinda ikuluikulu kufuna ntchito, kapena aoloka malire, pamene maboma asowa anthu otere. Tikumbukira kuti mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009, ambiri kuno anadandaula kuti ntchito za ukatswiri zinapita kwa alendo, ana a kuno natsala ndi fosholo; ntchito inafika, koma anthu okonzeka panalibe. Doko ndi mafakitale zikadzafika, zidzatero ndithu ngati sitiyamba tsopano.

Ndipo ngakhale katswiriyo atabwera, pali phunziro limene digiri simpatsa. Lamulo la 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani, koma malo ambiri a m'tawuni ya Karonga ndi ozungulira ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo munthu wofuna pomanga apita kwa iwo. Wokonza mapu amene sadziwa kukhala pansi pamaso pa mfumu, kudikira nthawi yake yolankhula, ndi kufotokoza chifukwa chake dambo lakutilakuti liyenera kusiyidwa kuti madzi apezemo njira, adzajambula mizere yokongola imene idzakhala m'kabati. Ankhonde sayamba lero kukonza midzi. Alendo oyamba a ku Ulaya amene anafika kumpoto kwa nyanja analemba modabwa za midzi yosesedwa bwino pakati pa nthochi, ndi makola a ng'ombe aukhondo. Ndipo a Kyungu anali kuweruza za malo pa phiri la Mbande zaka mazana Mandala asanamange sitolo yake pa Karonga. Mnyamata wa ku yunivesite akhale chaka chimodzi cha maphunziro ake pakati pa anthu amenewa, ndipo mafumu ndi alembi awo aphunzitsidwe kuwerenga mapu, monga anayesera ku Domasi.

Nanga ife a mpingo mbali yathu ndi yotani? Masukulu ambiri m'boma muno ndi a Sinodi ya Livingstonia, a Dayosizi ya Karonga ndi a mipingo ina. M'makomiti mwake mukhala inu amene muwerenga tsamba lino. Simuyenera kudikira chilolezo cha ku Lilongwe kuti mugule choyezera mvula ndi kope limodzi, ndi kupempha a hedimasitala kuti ana a Sitandade 6 azilemba m'mawa uliwonse. Mpingo umene usonkha ndalama za denga latsopano ukhozanso kusonkha za mtsikana mmodzi wodziwa masamu, kuti akaphunzire kuyeza malo kapena kusamala madzi, ndi kupangana naye pamaso pa akulu kuti adzabwere kudzagwira ntchito kuno zaka zingapo. Ndipo akulu omwewo apite kwa makhansala kukafunsa ngati malo ake a ntchito adzakhalapo. Pamene alendo adzabwera ndi zithunzi za mzinda watsopano, muwalandire mwaulemu, nimuwafunse kuti ana angati a boma lino adzaphunzitsidwa pa ntchitoyo, adzaphunzitsidwa kuti, ndipo makina akadzafa chaka chachitatu adzaitanidwa ndani.

Pali ntchito imodzi imene ingachitike mwezi uno. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi ya m'mphepete mwa Rukuru, Lufilya ndi Songwe, akulu akumbukira pamene madzi anafika m'zaka za chigumula. Mphunzitsi atenge ana ake, apite nawo kwa akuluwo, awasonyeze mtengo kapena khoma pamene madzi analekeza, ndipo alembepo mzere ndi utoto pamodzi ndi chaka chake; mzere wa 2024 ulembedwenso pambali pake, ndipo zonse zilowe m'buku la sukulu. Amene anaona madzi a 1980 ali akulu msinkhu atsala ochepa, ndipo mvula yathu ikulira mu Malichi ndi Epulo.